A Maboti ndi chitseko cha a Esinati

Lachinayi lapitali chinakwana chaka chimwalirireni a Namacha, amene pa Thuchila pano tonse tinkangowatchula kuti a Maboti. Ine ndine telala. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri tinakhala khonde limodzi la sitolo yakale yoyang'ana kumsewu, ine kumanzere ndi makina anga osokera, iwo kumanja ndi benchi, beseni ndi timabwato tawo tokongoletsera m'nyumba. Ndiye ndikamva anthu ena mpaka lero akunena kuti, "Aja ankasema zitseko za anthu akufa aja," mtima umandipweteka. Nkhaniyo ilipo, sindikukana, koma amainena ataidula mutu ndi mchira. Sadziwa kuti mkuluyo anafa akudikira chinthu chimodzi, chakuti mayi wina wamasiye, a Esinati, alandire kabwato kamodzi kuchokera m'manja mwawo.

Ndiyambe ndi utuchi, poti ndi umene unatidziwanitsa. Tsiku loyamba lomwelo tinayambana. Ndinali nditayala nsalu yoyera ya diresi la ukwati, iwo n'kuyamba kupala thabwa, mphepo n'kukankhira fumbi lonse kwa ine. Ndinawalankhula mawu, ine pakamwa panga sipachedwa. Sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti makina anga nawo amasokosa ngati chigayo koma iwo sanadandaule. M'mawa mwake ndinapeza atapachika thumba la feteleza pakati pathu ngati katani. Thumbalo linakhala sabata imodzi yokha. Ndinalichotsa ndekha, chifukwa ndinkafuna kuona zimene akusema.

Anali bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, pensulo kukhutu nthawi zonse, ngakhale kutchalitchi. Lilime lawo linali la Chilomwe, ndipo akamaliza ntchito ankamenya benchi kamodzi n'kunena kuti "puronto," mawu amene anatengera kwa bambo awo. Bambo awowo ankaolotsa anthu pa Ruo, kuchokera tsidya la Mozambiki kubwera kuno, choncho a Namacha anakulira m'bwato, akukapa madzi ndi chitini. Ntchitoyo sanaitengere. Anakalowa ukalipentala ku esiteti ya tiyi, zaka zambirimbiri akukhoma mabokosi ndi kukonza mawindo a m'makomboni. Atapuma pa ntchito, anzawo anatsegula mashedi a mipando ndi mabedi. Iwo anabwerera ku bwato la bambo awo, koma laling'ono, lotalika ngati mkono, loika pa kabati.

Sankasema zongoganizira. Kamodzi pachaka ankakwera njinga kupita ku madoko a Ruo kukayeza mabwato enieni ndi mapazi, eni ake akuwaseka. Phazi limodzi la bwato lalikulu, pa kabwato kawo linali mulifupi mwa chala chachikulu. Timatabwa ankating'amba topyapyala, n'kutiviika m'madzi otentha kuti tipinde, n'kumatikhoma kamodzikamodzi pa nthiti ndi timisomali ta nsapato. Tinkhafi tiwiri, timipando titatu, ndi kachitini kokapira madzi kamene ankakadula ku chitsekerero cha botolo. Ine ankandipempha tizidutswa ta nsalu tomangira katundu wa apaulendo, ndipo ankatisankha ngati akusankha chitenje cha mkazi wawo.

Kabwato kalikonse kankayenera kulowa m'beseni kasanachoke pakhonde. Ankakaika pamadzi, n'kuikamo timiyala, amvekere awa ndi anthu. Kakapendekera mbali imodzi, ankakaphwasula, ngakhale atakagwira mwezi wathunthu. Ndinawafunsapo ngati pa kabati pamadutsa mtsinje. Anandiyankha kuti chinthu chofanana ndi bwato koma chosayandama ndi chodyeramo nkhumba, ndipo iwo sanaphunzire kusema zimenezo.

Ndiye panali chigamba. Kabwato kalikonse, katsopano, konyezimira vanishi, ankakakhoma kachigamba ka lata m'mbali. Ankati bwato lopanda chigamba ndi bwato limene silinanyamulepo munthu. Chaka china kunabwera bwana wina wa galimoto kuchokera ku Blantyre, akufuna timabwato tisanu toika m'nyumba yake yogona alendo.

"Koma madala, tizigambati muchotse," anatero bwanayo. "Alendo aziona ngati n'zakale."

"Bwana, munakwerapo bwato?"

"Ayi, koma ndimawaona pa zithunzi."

"Ndiye mukagule zithunzizo."

Bwanayo anaseka, kenako ataona kuti si nthabwala anakwera galimoto yake. Ine ndinapsa mtima ngati katunduyo anali wanga. Ndinawauza kuti ukalamba wawalowa m'mutu, kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Iwo anatsegula kontena yawo ya nyemba zija za kalongonda, zimene ankadya masana aliwonse, n'kundilozera kuti nditapeko. Sindinatape. Tinakhala masiku awiri osapatsana moni.

Kale ankasemera mkungudza, ndipo khonde lonse linkanunkhira mpaka nsalu zanga. Mkungudza utayamba kusowa, ndipo amene ankabwera nawo akubwera nawo mobisa, a Namacha anausiya. Ankati phiri talimeta mokwanira. Anayamba kutola matabwa akale: bedi lothyoka, desiki yotayidwa, chitseko chodyedwa ndi chiswe mbali imodzi. Ankati thabwa lakale linamaliza kale kupindika kwake, silingakunamize. Munthu ameneyu sankadutsa thabwa panjira osawerama. Chizolowezi chimenechi n'chimene chinawagwetsa.

Chaka cha namondwe uja, mvula itagwa masiku angapo osakata, phiri linatsika ndi madzi, miyala ndi matope. Midzi ya m'munsi mwa phiri inakokoloka. Sindifotokoza zambiri, aliyense wa kuno ali ndi wake amene anamulira. Madzi ataphwera, m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila munatsala milu ya zinthu: mitengo, malata opindika, miphika, matabwa. Patapita masabata awiri anthu anayamba kutolamo nkhuni. A Namacha nawo anapita ndi njinga, maulendo anayi, n'kubwera ndi matabwa odzaza matope. Apa ndinene chilungamo. Ine ndinawathandiza kutunga madzi otsukira matabwawo, ndipo sindinafunse kanthu. Tonse tinkangoona zotola.

Pakati pa matabwawo panali chitseko chathunthu chobiriwira, cha mbawa. Pansi pake, pamene khoswe anaboola, mwini wake anakhomapo chigamba chodula ku chitini chachikasu cha mafuta ophikira. Misomali isanu, umodzi wokhota, wongoupinda n'kuugoneka. A Namacha atachiona anakondwa ngati mwana. Anandiitana kuti ndidzaone chigamba chenicheni, chokhomedwa ndi munthu amene anali ndi vuto lenileni, osati zawo zongoyerekeza zija. Anang'amba chitsekocho mosamala kuti chigambacho chigwere m'mbali mwa kabwato, ndi misomali yake yonse, ndipo utoto wobiriwira anausiya. Anakagwira miyezi itatu. Pa timabwato tonse timene ndinaona m'zaka zonsezo, kameneka kanali kokongola koposa.

Linali tsiku la msika pamene anakaika m'beseni. Kanayandama mowongoka, timiyala tili m'kati. Nthawi yomweyo kwa ine kunafika mayi wina wamtali, wowonda, atanyamula diresi loti ndilichepetse, limodzi mwa zovala zimene anthu ankalandira kumisasa. Amenewa ndiwo anali a Esinati. Ndinkangowadziwa patali, kuti nyumba yawo inapita ndi madzi, kuti iwo ndi ana awiri anapulumuka poti anali kwa mayi awo tsiku limenelo, ndi kuti amuna awo sanapezeke mpaka lero. Ndikuwayeza m'chiuno ndinaona kuti sakundimva. Maso awo anali m'beseni.

Anapita pang'onopang'ono, n'kugwada pafupi ndi besenilo. Sanakhudze kanthu.

"Bambo, thabwa ili munalitenga kuti?"

"Kumtsinje, mayi. Linabwera ndi madzi."

"Ichi n'chitseko changa."

Anangonena choncho, motsitsa. A Namacha anachotsa pensulo kukhutu, n'kuibwezera, n'kuichotsanso. Anatulutsa kabwatoko m'madzi n'kukapereka ndi manja awiri, madzi akudontha. A Esinati anaimirira, anabwerera m'mbuyo, anatembenuka n'kumapita. Diresi analisiya pa makina anga.

Pamsika nkhani siyenda pansi. Dzuwa lisanapendeke, khonde lathu linadzaza anthu. Ena ankati mkuluyu akudyera pa maliro a anzake. Ena ankati matabwa amenewo azilira m'nyumba za ogula. Mphunzitsi wina amene anagula kabwato mwezi womwewo anakabweza, atakakulunga m'nyuzipepala ngati chinthu chonunkha. Amene ankakuwa kwambiri ndi omwe aja anaphikira nkhuni za kumtsinje komweko, ndipo ine ndinawauza zimenezo m'maso. A Namacha anandiletsa. Anati nkhuni zimapsa n'kutha, koma iwo anatenga chitseko cha munthu n'kuchiika poti anthu azichisirira.

Masiku atatu anabwera pakhonde, n'kukhala pa benchi manja ali pamaondo, osagwira chida. Kalongonda ankabwerera naye. Tsiku lachitatu anandiuza mawu amene sindidzawaiwala. Anati moyo wawo wonse akhala akuyang'ana thabwa, mtundu wake, kuuma kwake, kumene ulusi wake ukulowera, koma sanadzifunsepo kuti ndi dzanja la yani limene linkalitsegula m'mawa uliwonse.

Tsiku la msika lotsatira anachita chinthu chimene anthu onena aja amachidumpha. Anatulutsa matabwa onse a kumtsinje, n'kuwayala m'mbali mwa msewu, limodzilimodzi, otsukidwa bwino. Anaima pambali chipewa chili m'manja, n'kumauza aliyense wodutsa kuti amene akuzindikira chake atenge, ndipo awakhululukire. Poyamba anthu ankangoyang'anira patali. Kenako mayi wina anatola mwendo wa tebulo, n'kukhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira. Wina anazindikira felemu la windo. Chakumasana kunabwera gogo wina wamwamuna wa ndodo, anatembenuza thabwa lalitali kawiri, n'kunena kuti ndi la bedi limene anagonapo ndi malemu akazi ake zaka zonse za ukwati wawo. Analinyamula, anayenda mapazi ochepa, n'kubwerera.

"Ndikalitenga ndikaliika pati? Nyumba ndilibe. Inu, mundisemere kabwato."

"Achimwene, mukudziwa zimene anthu akunena?"

"Anthuwo sanagonepo pa bedi limeneli."

Kuyambira pamenepo anthu ena anayamba kubwera okha ndi timatabwa tawo topulumuka, ndipo a Namacha ankawasemera osalandira kanthu. Miyezi imeneyo anasema timabwato tambiri kuposa chaka china chilichonse, ndipo kalikonse kanalowa m'beseni. Dzina lawo linabwerera pang'onopang'ono. Kwa iwo zimenezo sizinakwanire, chifukwa kobiriwira kaja kanali kadakali pa shelefu.

Anayesa katatu. Koyamba anatuma ine, pokapereka diresi lija. Ndinapeza a Esinati kwa achibale awo, kuseri kwa msika, akuumba njerwa. Diresi analandira, anathokoza. Nditangomasula nsalu imene ndinakulungira kabwatoko, anayang'ana kumbali n'kunena kuti ndibwerere nako. Kachiwiri anapita okha ndi mkulu wa mpingo, atavala jekete. A Esinati anawayalira mphasa, anawapatsa madzi akumwa, anamva kupepesa konse, koma yankho linali lomwelo. Kachitatu, kanyumba ka a Esinati katafika pa denga, a Namacha anakhoma chitseko chatsopano cha mbawa, chimene anagula matabwa ake, n'kuchikankha pa njinga mpaka kumeneko. Chitseko analola kuti achikhome, poti nyumba sikhala pululu. Atamaliza, mkuluyo anatulutsa kabwato m'thumba.

"Bambo, mwagwira ntchito, Mulungu akudalitseni. Koma icho bwererani nacho."

"Mayi, ndinalakwa. Sindinadziwe."

"Ndamva. Bwererani nacho."

Anabwerako atakalamba m'tsiku limodzi lomwelo. Iwo anaganiza kuti mayiyo akuwayesa wakuba, wakuba wa pamaliro, ndipo palibe chimene ndinanena chimene chinawachotsa maganizo amenewo. Ine ndinayamba kudana nawo a Esinati, sindibisa. Ndinkati munthu wamkulu wagwada katatu, ukufunanso chiyani? A Namacha sankalola kuti ndiwanene. Ankati wolira samusankhira nyimbo.

Kabwatoko anakaika pa shelefu yapamwamba, kokha. M'mawa uliwonse ankakatsitsa, kukapukuta, n'kukabwezera. Anthu a magalimoto ankakaloza kameneko, iwo amvekere kali ndi mwini wake. Maso awo anali atayamba kufooka, choncho tsiku la msika lililonse, chakumadzulo, ankandifunsa osandiyang'ana.

"Amayi aja adutsa?"

"Adutsa. Tsidya la msewu."

"Chabwino."

Funso limenelo ndinaliyankha sabata ndi sabata, kwa miyezi yambiri, ndipo yankho silinasinthe.

Matenda awo sanatenge nthawi. Chifuwa, kenako miyendo kutupa, kenako chipatala cha pa Boma. Nditapita kukawaona anali atachepa, koma pensulo inali pa kabati ka pambali pa bedi. Sanandifunse za msika kapena za mvula. Anandiuza kuti zida mwana wawo adzatenge, benchi aliyense amene akuifuna, koma kobiriwira kaja ndisalole munthu kukachotsa pa shelefu, ngakhale mwana wawo yemweyo. Anati mlandu suola, mwini wake adzabwera, kaya kudzakatenga kaya kudzakaotcha, zonsezo ndi zake. Anamwalira patapita masiku anayi. Pa maliro panabwera anthu ambiri a m'munsi mwa phiri, gogo wa ndodo uja ali patsogolo. Ndinayang'ana mbali ya azimayi nthawi yonse ya mwambo. A Esinati sindinawaone.

Chaka chonsechi kabwatoko ndakhala ndikukapukuta ine, ndikung'ung'udza. Ndiye Lachinayi lapitali, tsiku lenileni limene chaka chinakwana, ndikusoka yunifolomu, ndinaona chithunzithunzi pa makina. Anali a Esinati, opanda chosoketsa chilichonse m'manja. Tinapatsana moni. Anakhala pa benchi ya a Namacha, pamene sipanakhale munthu chimwalirireni mkuluyo.

"Kadakalipo?"

Ndinakatsitsa n'kuwapatsa. Anakaika pamiyendo, n'kupeza chigamba chija, n'kuika chala pa msomali wokhota.

"Msomali uwu anaukhotetsa bambo a ana anga," anatero. "Anadzimenya chala ndi hamala, n'kumavina pakhomo ponse. Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi. Anakwiya, amvekere ukhale choncho wokhota, uzikukumbutsa kuseka kwako."

"Mkulu uja akanatha kuuwongola," ndinatero. "Anausiya dala."

"Ndinaona tsiku lomwe lija."

Pamenepo pakamwa panga panandipulumuka. Ndinawafunsa chifukwa chimene anamusiyira munthu wamkulu kufa akudziyesa wakuba. Anandiyang'ana modabwa, ndipo ndinaona kuti kudabwako kunali koona.

"Wakuba? Ine sindinawayesepo wakuba. Akanapanda iwo, chitsekochi chikanapsa pa moto wa munthu."

"Nanga bwanji munkakana?"

Anabwezera chala pa msomali.

"Amayi, tsiku lija chitsekocho ndinachipeza chikuyandama m'beseni. Madzi anachinyamula kuchokera kuphiri mpaka kuno, n'kuchibweza chathunthu, ndi kamsomali komwe. Koma munthu sanandibwezere, ngakhale malaya ake. Ndikachiona ndinkangofunsa kuti bwanji thabwa, osati iye. Mawu amenewo ndikanawanena bwanji kwa bambo wachikulire atagwada pa mphasa? Ndinkati ndidikire mtima ukhale pansi, ndidzawafotokozere bwinobwino. Ndinkayesa kuti nthawi ilipo."

Ndinalira, ndipo sindikudziwa ngati ndinkalirira iwo kapena mkulu uja. Mkwiyo wonse umene ndinausunga unasowa pogwira. Iwo sanalire. Anavula chitenje chapamwamba, anakulunga kabwatoko ndi tinkhafi take, anafunsa njira ya kumanda kumene a Namacha anagona, n'kusenza pamutu. Ndinawaperekeza ndi maso. Ulendo uno anayenda mbali yathu ya msewu.

Tsopano kumanja kwa khonde kulibe munthu. Zida mwana wawo anatenga. Benchi ilipo, yodzaza mabala a tchizulo, ndipo m'ming'alu ya simenti mudakali utuchi umene tsache langa limalephera kutulutsa. Beseni ndinalivundikira pakona, lachita dzimbiri pansi. Msomali umene anapachikapo thumba la feteleza uja udakali pa mzati. Pa shelefu yapamwamba patsala malo oyera, otalika ngati mkono, pamene fumbi silinafike. Nsalu zanga masiku ano zimakhala zoyera, palibe amene amazithira utuchi, ndipo sindikondwa nazo.

Lachinayi lija, a Esinati atakhota pa msika, ndinatembenukira kumanja pakamwa pali potsegula kale. Masabata onse aja ndinkayankha kuti adutsa. Tsiku limene ndinali ndi yankho lina, pa benchi panalibe wondifunsa.